Chimbale cha ukwati wa Rosita

Ganizo lochoka ku Lichinga linandibwerera nditakhala pamulu wa matumba a mbatatesi. Chaka chimenecho tinakolola bwino, koma mvula inachedwa kusiya, msewu wopita kumunda kwathu unasanduka phala lofiira, ndipo ogula sanabwere ndi malole awo. Mbatatesi inayamba kununkha m'matumba momwemo. Ine n'kuti nditangomaliza kamaphunziro ka makompyuta ku Sanjala, pepala lake lili pansi pa matiresi, ntchito palibe. Mnzanga Amisse wa ku Assumane anali atabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, ndipo anandiuza kuti kumeneko munthu wodziwa kumasula kompyuta sagona ndi njala.

Ndinawauza ababa tikusankha yowola ndi yabwino. Sanadzutse mutu. Iwo anathawirako ku Malawi nthawi ya nkhondo, iwo ndi amayi, ndipo mwana wawo woyamba anamuika m'manda komweko. Nkhani za ulendo sankazikonda.

"Ife tinkathawa mfuti," anatero. "Iwe ukuthawa chiyani?"

"Sindikuthawa, ababa. Ndikukafuna ntchito."

"Pita ukaione."

Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pokwerera chapa, minibasi yopita ku Mandimba, atandinyamulira chikwama paphewa ngati ndine mwana wa sukulu. Amayi ndi mlongo wanga Rosita anatsala pachipata kwathu ku Namacula. Ndinawalonjeza kuti ndikangopeza poyambira ndibwera.

Ku Joni Amisse anandipezera pogona m'chipinda chogawidwa ndi makatani, kenako anandilowetsa ntchito m'shopu ya mmwenye wina wokonza makompyuta. Tinkagula makompyuta akale otayidwa m'maofesi, kuwapukuta, n'kuwaika Linux tisanagulitse. Bwanayo ankaikonda Linux chifukwa ndi yaulere, aliyense angathe kuikopa ndi kusuzumira m'kati mwake, komanso imayenda ngakhale pakompyuta yotopa. Poyamba inkandiopsa. Zambiri umachita kulemba pawindo lakuda, ukaphonya chilembo chimodzi basi yakana. Koma ili ndi khalidwe limodzi limene ndinadzalikonda: chilichonse chimene chikuchitika m'kati mwa kompyuta imachilemba, ndipo ukadziwa poyang'ana imakuuza pamene pakupweteka.

Ntchito ina imene inagwera ine inali ya zimbale. Anthu ankabwera ndi ma CD ndi ma DVD a zithunzi za ana, maukwati, maliro, akufuna tiwasamutsire pa flashi. Zina zinkakana. Bwana anandiphunzitsa kusathamanga.

"Usaimbe mlandu chimbale usanayese dilaivu ina," ankatero, kunena kamakina kowerengera zimbale kaja. "Ndipo usaimbe mlandu dilaivu usanasinthe chingwe."

Ndinaonera maukwati a anthu osawadziwa ochuluka kwambiri, a ku Congo, a ku Zimbabwe, a ku Ethiopia, ndikuona ngati kanema wasamuka bwino. Nthawi zina ndinkapitirira pamene ntchito inathera, ndikungoyang'ana anthu akudya pamodzi.

Lamlungu ndiye linali lalitali. Amisse atasamukira ku Durban ndinkatha masabata osalankhula Chinyanja ndi munthu. Kuzizira kwa Juni kumeneko n'kofanana ndi kwa kwathu kuno, koma kulibe fungo la nkhuni za paini, ndipo palibe amene amakuitana kuti bwera udzawothe. Ndinkatumiza mawu pafoni ya Rosita, iye n'kukawamvetsera amayi. Ababa pafoni sankachedwa.

"Ukudya?"

"Ndikudya, ababa."

"Chabwino. Lankhula ndi amayi ako."

Ndalama ndinkatumiza zikapezeka. Miyezi ina lendi ndi chakudya zinkameza zonse, ndipo miyezi yotero foni inkandilemera, chifukwa kuimba kunyumba ulibe chotumiza kumamveka ngati kufika pamaliro chimanjamanja. Iwo sanandipemphepo. Mwina zikanandipepukira akanamandipempha.

Mapepala anga okhalira m'dzikomo anatha, ndipo kuwakonzanso kunakanika. Ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Choncho Rosita atandiuza kuti akukwatiwa ndi Jaime, mnyamata woyendetsa njinga yamoto wa m'bairo mwathu, dera lomwelo la Namacula, ndinamuuza zoona kuti sindibwera. Ndinatumiza zimene ndinali nazo, n'kunena kuti apezepo munthu wojambula kanema kuti ndidzaonere ndikadzabwera. Anamupezadi. Anawapatsa chimbale chimodzi.

Ababa anamwalira nyengo yozizira, chibayo chitawagwira kwa masiku ochepa. Rosita anaimba ndili pantchito. Ndinatuluka kukaimirira pakhomo la shopu, magalimoto akudutsa, iye akulira kumbali inayo. Anati maliro ndi mawa. Nditadula foni ndinalowanso m'kati n'kumalizitsa kompyuta ya kasitomala amene ankadikira, chifukwa sindinadziwe china choti ndichite ndi manja anga.

Patapita zaka ndinabwerera kwathu, koma osati chifukwa cha chikondi chokha, ndinene zoona. Ntchito inatha. Anthu anasiya zimbale, makompyuta akale anasiya kugulika, aliyense ali pafoni. Bwana anagulitsa shopu. Pa zaka zonsezo chimene ndinanyamula chinali laputopu yakale, dilaivu yolumikiza ndi chingwe, thumba la zingwe zosiyanasiyana, ndi zovala.

Lichinga ndinaipeza yodzaza njinga zamoto, ndi nyumba zatsopano m'malo amene ndinasiya tchire. Nyumba yathu inandionekera yaifupi. Chipinda changa munali matumba a nyemba, ndipo anachita kuwakankhira kukhoma kuti mphasa ikwane. Ana awiri a Rosita ankandiyang'anira kuseri kwa chitseko, akunditchula kuti tiyu, ndiye kuti malume, wa ku Joni. Amayi anali atachepa thupi, maso atachita mtambo. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, n'kunena kuti ndakalamba. Anandiperekeza kumanda. Ndinaima pamenepo ndikudikira kuti misozi ibwere, koma sinabwere. Mtumbira unali wakale kale, udzu utamera, ndipo munthu amene ndinkamukumbukira anali wamphamvu, wonyamula chikwama paphewa.

Patapita masiku angapo, m'mawa wina amayi anatsegula sutikesi yawo n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'kapulana, nsalu ya chitenje. Chinali chimbale cha ukwati, dzina la Rosita ndi la Jaime litalembedwa ndi cholembera chakuda.

"Chinasiya kuonetsa," anatero. "Paja ntchito yako ndi imeneyi."

Rosita anandifotokozera zonse. Ababa atamwalira, amayi ankachionera pafupifupi tsiku lililonse. Ana ankachiika ndi kuchitulutsa ndi manja amafuta. Chitayamba kudumphadumpha, mnansi wina anachipaka mankhwala otsukira mano, akuti amafafaniza zokanda. Kenako makina oonetsera aja anangochikana. Wojambulayo anasamukira ku Cuamba kalekale, ndipo atamufunsa anati kompyuta imene ankasungiramo ntchito zake inapsa.

"Kumapeto kwa phwando ababa anaimirira n'kulankhula," anatero Rosita. "Anakutchulaninso inu, mano, achimwene anga."

Ndinalibe kanema wina aliyense wa ababa, ngakhale mawu awo ojambulidwa. Ndinaika tebulo pakhonde, pamene pali kuwala, n'kuyatsa laputopu.

Vuto loyamba silinali la chimbale. Dilaivu inkayamba kuzungulira, kulira kuti tete, n'kuzima, kenako kuyambanso. Nditatsegula pamene Linux imalemba zochitika, ndinaona kuti dilaivuyo ikuoneka n'kusowa, kuoneka n'kusowa, ngati munthu akuizula. Sinkalandira moto wokwanira. Ndinafufuza m'thumba muja n'kupeza chingwe cha mitu iwiri, chokoka moto m'mabowo awiri a laputopu. Apo inakhazikika, ndipo dzina la chimbale linatulukira pagalasi. Ndinauza kompyuta kuti ikope zonse.

Inayenda bwino mpaka kupitirira theka. Kenako liwiro linayamba kutsika, dilaivu ikubwerera pamalo amodzimodzi ngati munthu wofufuza singano, mpaka inalemba kuti yalephera kuwerenga. Ndinapukuta kadiso ka dilaivu ndi thonje. Ndinatsuka chimbale ndi madzi ndi sopo pang'ono, n'kuchipukuta kuchokera pakati kupita kunja. Ndinayesanso. Inaima pomwe paja.

Ndipamene ndinachinyamula n'kuchiyang'anitsitsa padzuwa. Zokanda zinalipo zambiri, koma zokanda sizinandiopse. Chimene chinandiopsa chinali m'mphepete. Chimbale chotere ndi mapulasitiki awiri omatidwa, ndipo kanema amakhala m'kautoto kofiirira kamene kali pakati pawo. M'mphepete mwa ichi zigawo ziwirizo zinali zitayamba kulekana, chinyezi chitalowa, utoto utasanduka wotuwa ngati tsamba lofota. Ndipo chimbale chimalembedwa kuyambira pakati kupita kunja. Chiyambi cha ukwati chinali pakati, potetezeka. Mapeto ake, pamene ababa analankhula, anali kumphepete kuja.

Sindinawauze amayi. Ndinangoti chitenga nthawi.

Pali pulogalamu ina ya pa Linux, ddrescue, imene tinkagwiritsa ntchito pa zimbale zodwala. Siuma mutu pamalo oipa. Imayamba yatenga zonse zowerengeka, kulumpha zokana, kenako n'kubwerera kukazinyengerera pang'onopang'ono. Imakumbukiranso pamene yafika, moti magetsi akazima umadzapitiriza pomwepo. Zimenezi zinandithandiza, chifukwa magetsi ankazimadi ndipo batire la laputopu yanga linali lotha. Ndinatsitsa liwiro la dilaivu kuti izizungulira mofatsa. Ndinkakhala pakhondepo kuyambira m'mawa, nditafunda jekete, ndikuyang'ana manambala akusuntha pang'ono, kuima, kusunthanso.

Anthu odutsa ankapereka moni n'kusuzumira. Tsiku lina ndinamva mayi wina kuseri kwa mpanda akuuza mnzake kuti zaka zonsezi ku Joni, kachimbale kamodzi kakumukanika. Sananene mwankhanza. Ankangodabwa. Jaime, munthu wofatsa, anandibweretsera tiyi n'kukhala pambali panga kanthawi.

"Alamu, musadzivutitse kwambiri," anatero. "Chikakana chakana."

Ndinamuyankha kuti dilaivu iliyonse ili ndi diso lake, pamene ina yalephera ina imatha kuona. Mawa lake ananditenga panjinga yake kukafunafuna. Kumsika waukulu anyamata okonza mafoni anatiseka, akuti zimenezo anasiya kuziona kalekale. Tinazungulira mpaka ku Sanjala, kumene mwini kashopu ka fotokope anali ndi kompyuta yakufa pansi pa tebulo, yodzaza fumbi. Anandilola kuzulamo dilaivu. Inali yaikulu, yolemera, yofuna moto wakewake. Ndinailumikiza ndi chingwe china cha m'thumba muja, n'kuuza pulogalamu ija kuti ipitirize pa malo okana okhaokha.

Dilaivu yakaleyo inawerengadi zina zimene inzake inalephera. Kwa masiku angapo ndinali ndi chiyembekezo. Kenako nayonso inafika pamene sinkapezanso kanthu, ikungozungulira n'kutentha. Ndinayesa kuisiya izizire, ndinayesa kuiuza iwerenge chobwerera kuchokera kumapeto. Zimene zinatsala zinali zotsaladi. Utoto ukafa palibe dilaivu imene ingauwerenge. Ndinasonkhanitsa zimene ndinapulumutsa n'kupanga kanema mmodzi, koma sindinamuonere ndekha. Ndinkaopa.

Tinaonera Lamlungu masana, titachoka kutchalitchi. Rosita anatseka katani, ine n'kuika laputopu pampando. Amayi anakhala pafupi kwambiri, khutu atalozetsa kumene kumachokera mawu. Chiyambi chinali choyera ngati chajambulidwa dzulo. Rosita akutuluka m'nyumba ino atavala zoyera, amayi a kwaya akuimba, galimoto yobwereka itamangidwa maliboni. Ana anakuwa ataona mayi awo. Ababa ankaoneka apa ndi apo, chakumbali, atavala jekete limene ndinawatumizira, lalikulu m'mapewa. Anali ataonda, akuyenda mosamala. Palibe amene anandiuzapo pafoni kuti anafika pamenepo.

Titafika paphwando chithunzi chinayamba kusweka. Nkhope zinkagawika timabokosi, nyimbo kudumpha. Kenako ababa anaimirira, wina n'kuwapatsa maikolofoni. Anatsokomola kaye, monga ankachitira nthawi zonse asanalankhule, ndipo kutsokomolako n'kumene kunanditulutsa misozi imene inakana kumanda.

Anathokoza akuchimuna. Mawu anaduka, n'kubweranso akumulangiza Rosita kuti nyumba siimangidwa ndi pakamwa. Anthu anaseka. Chithunzi chinaima, n'kuyendanso.

"Ndili ndi mwana winanso," anatero ababa, "wamwamuna, Dito, amene lero sali pano. Iyeyo..."

Nkhope yawo inauma pakamwa pali potsegula, n'kusweka timabokosi tobiriwira. Panakhala zii. Chithunzi chitabwerera, ababa anali atakhala kale pansi, anthu akuwomba m'manja, amayi ena akuchotsa mbale. Posakhalitsa kanema anatha.

Ndinabwezera pambuyo n'kuyesanso, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe chimene chisinthe. Kenako ndinafunsa.

"Anati chiyani pamenepa?"

"Anati uli pantchito kutali," anayankha amayi, "ndipo nyama imene anthu adya wagula ndiwe, akuwombere m'manja."

Rosita anapukusa mutu. "Ayi, amayi. Za nyamazo ananena ndi amalume. Ababa anati iyeyo anapita kukaona dziko, ndipo iwo sakudziwa ngati adzawapeze ali moyo."

"Ine chimbale chimenecho ndachionera kuposa munthu aliyense."

"Ine ndinali nditakhala pafupi nawo."

Onse awiri anatembenukira kwa Jaime. Iye anakanda m'mutu n'kunena kuti tsiku limenelo nsapato zinkamuthina, sanamve chilichonse chimene munthu aliyense analankhula. Amayi anaseka, Rosita nayenso anaseka, ndipo nkhani inakhotera ku nsapatozo, kwa amene anazibwereketsa, kwa azakhali amene anakwiya chifukwa anawapatsa mpando wothyoka. Ankalandizana mawu, wina kuyamba wina kumaliza. Ine ndinkangowamvera, dzanja lili pa laputopu.

Masiku otsatira ndinafunsako anthu ena amene analipo. Amalume anati ababa anandiyamikira kwambiri. Mnansi wathu anati ababa analira. Mkulu wina wa kutchalitchi anayamba wandiyang'ana kumaso, ngati akuyeza chimene ndingathe kunyamula, n'kunena kuti ababa anangopempha anthu kuti azindipempherera. Ndinaona kuti aliyense akundipatsa chimene akuganiza kuti chindithandiza, ndipo ndinasiya kufunsa.

Tsiku lina ndinawapepesa amayi kuti chigawo chija ndalephera kuchibweza. Anali akusankha nyemba ndi zala, osayang'ana.

"Ine maso anatha, galasi lakolo sindiliona," anatero. "Bambo ako ndinakhala nawo mpaka tsiku lomaliza, ndinawasambitsa ndekha. Ndinkafuna kuti iwe uwaone."

Ndipamene ndinamvetsa kuti m'nyumba muno munthu amene anataya kanthu m'chimbale chija ndine ndekha. Ndinkabwera ndikuganiza kuti ndipeza anthu ondikwiyira, kapena malo anga ali osatseka, akundidikira. Sindinapeze chilichonse mwa ziwirizi. Anadwazika, anaika maliro, analira, anakolola, ana anabadwa, ndipo zonsezo anazichita bwinobwino popanda ine. Amandikonda, amandipatsa madzi osamba otentha, koma akayamba kukumbutsana zakale ndimakhala ngati munthu amene wafika nkhani ili pakati.

Kanema uja ndinamuika pa flashi ndi pafoni ya Rosita, kuti asadzatayikenso. Chimbale amayi anachikulunganso m'kapulana. Panopa ndimakonza mafoni ndi makompyuta pakhonde lomwe lija, ntchito ikapezeka. Lamlungu lina ndi lina amayi amandiuza kuti ndiyatse laputopu, Rosita amabwera ndi ana, nthawi zina ndi anansi. Amakhala pamphasa, ine ndimakhala pambali pa mpando, pamene ndingafikire mabatani. Chakumapeto kuja sitifikako kawirikawiri. Iwo amakonda poyamba, pamene Rosita anaponda diresi yake pakhomo la tchalitchi n'kutsala pang'ono kugwa. Amayi sapaona, koma amapadziwa ndi nyimbo imene kwaya inkaimba, ndipo amayamba kuseka pasanafike.

"Bwezera pambuyo, Dito," amatero. "Pamene akulowa paja."

Ndimabwezera.